Galimoto ya Pansi pa Lona

Foni yoyamba inalira Don Nico Arocho ali m'munda wa khofi, ndipo anayankha ndi mkazi wawo, Doña Monse. Yachiwiri inawapeza sopo ali kumaso, akumeta ndevu. Yachitatu anaiyankha okha.

"Don Nico, mwaswera bwanji? Ndine Yarelis, wa kukampani kumene munabwereka galimoto, ku Ponce kuno. Ndili ndi nkhani yabwino."

"Yabwino kwa yani?"

Mayiyo anaseka. Anati ngakhale pangano lawo linali la zaka zitatu ndipo padakali miyezi ingapo kuti lithe, kampani inali yokonzeka kulandira galimotoyo panopa. Za miyezi yotsalayo asalipire, chindapusa chothetsa pangano msanga pasakhalenso. Iwo angopita, akasankhe ina yatsopano, ayambe pangano lina.

Don Nico anatsala akuyang'ana foni ija ngati yawaluma khutu. Kwathu kuno ku Adjuntas timadziwa kuti munthu wa muofesi sakuyimbira foni kuti amve ngati chifuwa chako chinatha. Akakusekerera, gwira thumba. Onse amene anafikapo pakhomo pa Don Nico ndi nkhani yabwino anachokapo ndi kanthu: ogula khofi, akuluakulu opempha mavoti, ngakhale mnyamata amene anakwatira mwana wawo wamkazi. Koma tsiku limeneli chimene chinawagwira sichinali mkwiyo ayi. Chinali chidwi. Kampani ya bwalo lodzaza galimoto zonyezimira, ikufuniranji yawo?

Anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kukweza lona. Galimoto inali pomwepo, yoyera, mipando idakali m'mapulasitiki amene inabwera nawo. Nkhuku yathadzi yofiira imene inkagona kuseri kwa tayala lakumbuyo inatuluka ikudandaula. Anatsegula chitseko, fungo la mankhwala othamangitsa makoswe n'kuwalonjera. Anasuzumira pansi pa mipando, anatsegula kumbuyo, anagogoda zitseko ndi chala. Mwina wina anabisamo kanthu asanawapatse? Sanapeze chilichonse.

Galimotoyi anaitenga pikapu yawo yakale itafa. Mwana wawo ndi amene anawakakamiza kuti asagule, angobwereka, azilipira mwezi ndi mwezi, zaka zitatu zikatha n'kubweza. Iwo anamvapo zinthu ziwiri zokha. Choyamba, galimoto si yawo, ndi ya eni. Chachiwiri, pali mailosi amene akuloledwa kuyenda pachaka, ndipo akapyola, mailosi aliwonse owonjezera ndi ndalama. Mnzawo Chago, mwini sitolo ya pamphambano, amene anaimirira pa ubatizo wa mwana wawo ndipo ankatchulana kuti kompai, anawonjezera mantha. Anati mwana wake anapyoletsa mailosi, pobweza galimoto anatsala ndi buluku lokha.

Kuyambira pamenepo galimoto inkatuluka popita kuchipatala, kumaliro a wachibale weniweni, ndi kukaionetsa kwa amakaniko a kampani nthawi ikakwana. Zina zonse Don Nico ankayenda pansi kapena kupempha matola. Tsiku lina anayesa kuyendetsa galimotoyo chammbuyo kuchokera pageti mpaka pamlatho, kuti aone ngati manambala a mailosi angabwerere. Sanabwerere.

Masana a tsiku la foni ija Doña Monse anaika mpunga wa nandolo patebulo mwamphamvu pang'ono kuposa masiku onse.

"Tata waimbanso," anatero. "Nyumba yake yagulidwa. Tikiti amugulira ya kumapeto kwa mwezi uno."

Tata anali mkulu wawo wa Doña Monse, wamasiye, wokhala ku Maunabo, tsidya lina la chilumba chathu chino. Ana ake anamuitana kuti akakhale nawo ku Hartford, kutsidya kwa nyanja, chifukwa miyendo inali itayamba kukana. Tikiti yake inali yopita kokha. Aliyense ankadziwa kuti munthu wa msinkhu umenewo akakwera ndege, amabwerera m'bokosi, ngati abwerera n'komwe.

"Nico, mundiperekeze. Ndikamuone ndi maso angawa. Tsiku limodzi lokha."

"Maunabo? Ukudziwa mailosi ake iwe?"

"Sindiwadziwa. Ndimadziwa mkulu wanga."

"Foni ilipo. Masiku ano mumaonana pakagalasi."

"Pakagalasi ndingamugwire dzanja?"

Don Nico anapitiriza kutafuna nandolo. Matola opita ku Maunabo kunalibe, mawondo a mkazi wawo sakanatha kusintha galimoto zitatu panjira, ndipo zonsezi ankazidziwa. Koma ankadziwanso za buluku la mwana wa Chago.

Madzulo anatsikira kusitolo. Chago anali atayala madomino patebulo la panja, pansi pa mtengo.

"Kompai Nico! Mwabwera kudzaluzanso?"

"Ndabwera kudzaona ngati mwaphunzira kuwerenga madontho."

Atasewera pang'ono, Don Nico anafotokoza za foni ija. Chago sanadabwe. Anagwetsa domino lake patebulo, phaa!

"Bwezani, kompai. Mawa lomwe. Mwayi sugona pakhomo kawiri."

"Koma akuifuniranji?"

"Mukufunsiranji? Nkhumba ikagwera mumphika yokha, mumaifunsa kuti yakankhidwa ndi yani?"

"Ine ndimafunsa."

"Ndiye chifukwa chake mwakalamba musanalemere. Bwezani basi. Ndipo musaiyendetseyendetse masiku ano, angasinthe maganizo."

Don Nico anabwerera kwawo funso lija litakula. Usiku sanalote za ndalama. Analota amuna ovala mataye akusenda galimoto yawo ngati nthochi, akufunafuna chinthu chimene iwo sanachione.

Mmawa mwake anavala malaya a tchalitchi. Doña Monse anatulukanso atavala, kachikwama kali m'manja.

"Iwenso ukupita kuti?"

"Ku Ponce. Kapena kulemera kwanga kumawonjezera mailosi?"

Anatsika phiri, pulasitiki ikulira pansi pawo pa khona iliyonse.

Yarelis anali mayi wa zaka zapakati, wamagalasi olendewera pachingwe, nsapato zake zosonyeza kuti amaima tsiku lonse. Anawalandira pakhomo, anawapatsa khofi wa m'makina. Don Nico ananunkhiza, n'kuika kapu pambali.

"Uyu wamera m'munda uti?"

"Musandichititse manyazi, Don Nico, ndikudziwa kuti ndinu a ku Adjuntas. Bambo anga akanamutaya pawindo."

Kudzera pagalasi la ofesi Don Nico ankaona makaniko akuyendera galimoto yawo. Munthuyo analowa, anayang'ana pamanambala, anatuluka. Anaitana mnzake. Mnzakeyo anayang'ana, n'kugwira pakamwa. Kenako onse awiri anagwada kuyang'ana matayala.

"Apo!" anatero Don Nico, akuloza. "Chimenecho ndi chimene ndabwerera. Akuonamo chiyani? Mayi, tisanakambe za galimoto yatsopano, mundiuze. Muli ndi galimoto zodzaza bwalo. Yanga mukuifuniranji?"

Yarelis anavula magalasi.

"Ndikuuzani, koma inunso mundiuze kanthu, chifukwa pano takangana. Mutabwera nayo komaliza kwa amakaniko, iwo anati mita yowerenga mailosi inafa. Abwana anati ayi, mdalayu ali ndi wina amene amamubwezera manambala. Anaiyeza ndi makina, n'kupeza kuti zonse zili bwino. Ndiye funso langa ndi ili: galimotoyi mumapita nayo kuti?"

"Kumaliro," anayankha Doña Monse.

"Ndimasamala," anatero Don Nico. "Sindikufuna mudzandivule buluku."

"Buluku?"

Anafotokoza za mwana wa Chago. Yarelis anamvetsera mpaka kumapeto, osaseka.

"Zimachitikadi zimenezo. Amene amagwira ntchito ku San Juan n'kumagona kuno, amapyoletsa. Koma inu, Don Nico, pa mailosi amene pangano linakupatsani, simunadye ngakhale gawo limodzi la magawo asanu. Galimoto ya zaka ziwiri yoyenda chonchi ndi yatsopano. Ndi chifukwa chake tikuifuna. Tiigulitsa bwino."

Don Nico anasendeza mpando kutsogolo. Apa ndi pamene chidwi chinafika pachimake.

"Imani kaye. Mailosi amenewa, ndimawalipira?"

"Ali m'kati mwa zimene mumapereka mwezi ndi mwezi."

"Ndiyende, ndisayende?"

"Muyende, musayende."

"Nanga otsalawo mundibwezera?"

"Ayi."

"Muwasamutsira pagalimoto yatsopano?"

"Sizitheka."

"Ndiye apita kuti? Chinthu sichingosowa. Khofi akatsala m'nkhokwe, amakhala ali m'nkhokwemo. Mailosi anga ali kuti?"

Yarelis anaganiza kaye. Zikuoneka kuti palibe anamufunsapo funso limeneli.

"Tinene kuti ali m'galimoto momwemo. Amene adzaigule ndi amene adzawayende."

"Ulendo ndalipira ine, wokwera ndi wina."

"Mukanena choncho, sindingakutsutseni."

Doña Monse anafunsa motsitsa mawu, maso ali pakachikwama kawo.

"Mwanawe, kuchokera ku Adjuntas kupita ku Maunabo n'kubwerera, zikanapyoletsa?"

"Maunabo? Mayi anga, mukanatha kupita sabata iliyonse chitengereni galimotoyi, n'kutsalabe ena."

Doña Monse anatsegula kachikwama, anayang'anamo, n'kukatsekanso. Don Nico anakhala nawo m'banja zaka zambiri, ndipo ankadziwa kulalata kwawo konse, koma chete ameneyu anali wachilendo. Anatenga khofi wa m'makina uja n'kumwa.

Yarelis anayamba za pangano latsopano. Akasiya galimoto lero, ndalama yoyambira ya galimoto yatsopano asapereke konse. Kungoti yatsopanoyo inali idakali m'sitima, ifika kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Masabata a pakatiwa akhala opanda galimoto.

"Koma inu simuvutika," anatero, "poti simuyenda. Lero ndikuperekezani ndekha mpaka pakhomo."

Mwezi wamawa. Tata adzakhala atakwera kale ndege. Don Nico sanayang'ane kumbali kumene kunali mkazi wawo.

"Changu n'chachiyani? Bwanji ndibweretse tsiku limene yatsopano yafika?"

"Pali wogula amene akuifuna pofika Loweruka. Akathawa, abwana sangalole kukhululuka ndalama yoyambira."

"Wogula waiona kuti? Galimoto imagona pansi pa lona."

"Dzina sindingatchule, si chilungamo. Koma anabwera yekha, kufunsa galimoto yanuyi, osati ina. Ine ndinamuonetsa zofanana nayo zitatu, anakana. Anati iyeyo akufuna ija ya mipando ya m'mapulasitiki. Anatiuzanso kuti tikamaitsuka tisamale, pansi pake pamaikira nkhuku yofiira."

Don Nico anatsamira kumbuyo pang'onopang'ono. Kuseri kwa nyumba yawo sikufika alendo. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankazungulira kumeneko, kudzabwereka makwerero, kudzapempha ndimu, ndipo nthawi zonse ankakweza kona ya lona n'kuimba likhweru. Chago. Kompai wawo, amene dzulo lomweli ankati bwezani, musaiyendetseyendetse.

Chodabwitsa n'chakuti sanakwiye. Anamva ngati munthu amene wakhala akusaka njoka m'nyumba masiku atatu, kenako waiona pamene yadzipinda. Funso linali litayankhidwa, mtima unakhala pansi.

"Monse, wamva?"

"Ndamva. Nkhuku ija amaidziwa ndi ochepa."

"Mayi Yarelis, wogula wanuyo sathawa."

"Mukudziwa bwanji?"

"Wadikira zaka ziwiri akuilera ndi maso. Masabata atatu samupha. Galimoto ndibweretsa tsiku limene yatsopano yatsika m'sitima."

"Ndipo masabata atatuwo muziiyendetsa?"

"Ndi mailosi anga."

Yarelis anawayang'ana onse awiri, n'kunyamuka kupita kwa abwana. Don Nico ankawaona kudzera pagalasi, abwana akupukusa mutu, Yarelis akuloza kumene kunakhala Doña Monse. Atabwerako anati abwana alola kudikira, koma ndalama yoyambira yonse sangaikhululuke. Apereke theka.

"Gawo limodzi la magawo anayi."

"Theka, Don Nico. Ndamenya nkhondo kale m'menemo."

"Ndiye matayala amenewo amakaniko anu akuwagwadira, mukapeza ming'alu musandiwerengere."

"Ming'aluyo yabwera chifukwa chongokhala. Chabwino, zimenezo ndi zathu."

"Mulembe. Za pakamwa zimauluka."

Analemba, n'kuwawerengera mokweza, kawiri. Theka lija linawapweteka Don Nico ngati dzino, ndipo ananena poyera kuti dzikoli ladzaza akuba ovala bwino. Yarelis anavomereza kuti alipodi, n'kupitiriza.

"Tsopano, poti simuyenda kwambiri, pali pangano la mailosi ochepa. Pamwezi muzilipira zotsikirapo. Kunena zoona, ndi limene munayenera kutenga poyamba."

Don Nico anatsegula pakamwa. Mawu oti zotsikirapo amakoma m'khutu la munthu aliyense. Koma anamva kachikwama kakutsekedwa pambali pawo, kuti tswi.

"Musiye mailosi momwe analili," anatero. "Ndipo galimoto yakeyo ikhale yokwererapo. Uyu mawondo ake savomera zogwada polowa."

"Mwadziwa liti zimenezo?" anafunsa Doña Monse.

"Ndili ndi makutu. Umabuula."

Anatuluka pabwalo kukayesa mipando ya galimoto zofanana ndi imene ikubwera. Doña Monse analowa m'zitatu, kutuluka, kulowanso, ngati akusankha nsapato. Anafunsa ngati m'sitimamo muli yofiira. Don Nico anati yofiira imaitana apolisi. Yarelis anati yofiira ilimo. Analemba yofiira.

Loweruka mmawa Don Nico anachotsa lona, anaipinda, n'kuiponya pamwamba pa khola. Mapulasitiki a pamipando anawang'amba ndi chikwanje. Doña Monse anaika poto wa mpunga wa nandolo pampando wakumbuyo, anamuzinga ndi thaulo, pambali pake thumba la khofi wokazinga ndi mkoko wa nthochi. Msuzi utadontha pang'ono pampando, anayang'ana mwamuna wawo mwamantha.

"Usapukute," anatero Don Nico.

Pamphambano anaima, n'kuliza hutala mpaka Chago anatuluka m'sitolo akupukuta manja.

"Kompai Nico! Mukukabweza?"

"Ndikupita ku Maunabo."

"Maunabo? Ndi galimoto imeneyi? Kompai, mailosi!"

"Ndinalipira kale."

Chago anazungulira galimoto, anasuzumira pawindo, anaona mipando yopanda pulasitiki ndi poto uja.

"Ndipo mwaika chakudya pampando. Fungo limenelo silichoka, mukudziwa?"

"Zikukukhudzani bwanji, kompai? Galimoto ndi ya eni."

Chago anayang'ana Doña Monse ngati wofuna thandizo.

"Komai, muwauze awa."

"Ine ndingokupemphani chimodzi," anatero Doña Monse. "Madzulo mukatitsekerere nkhuku. Mukuidziwa, yofiira ija."

Anatsika phiri, anadutsa Ponce, n'kulowera kummawa, nyanja ili kudzanja lamanja. Poyamba Don Nico ankangoyang'ana manambala. Zaka ziwiri anali akuwaopa, koma anali asanawaonepo akugwira ntchito nthawi yaitali. Nambala yakumapeto inkasintha mwaulemu, yopanda phokoso, ndipo palibe chimene chinkawachoka m'thumba. Anayamba kulosera: pofika pamtengo uwo isintha. Inasintha atadutsa pang'ono. Pa Salinas anaona minda imene ankaidziwa ili ya nzimbe, tsopano yodzaza magalasi otchera dzuwa, ndipo anachepetsa liwiro kuti aonetsetse. Anafunsa mkazi wawo ngati akuganiza kuti pansi pa magalasiwo pamamera udzu. Doña Monse anati ayang'ane msewu.

Tata anali atakhala pakhonde pakati pa makatoni omangamanga. Ataona galimoto yoyera ikuima pageti, anaika dzanja pamphumi. Doña Monse anatsika Don Nico asanazimitse n'komwe injini, mawondo aja ataiwalika.

"Monse? Ndiwe? Wabwera pa chiyani?"

"Pa galimoto, Tata."

"Mlamu watulutsa galimoto? Wamwalira ndani?"

"Palibe. Tabwera kwa wamoyo."

Anagwirana, akulira ndi kuseka nthawi imodzi, wina akuuza mnzake kuti wakalamba. Don Nico anatsala m'galimoto kanthawi, ngati akufuna chinthu pansi pa mpando. Zolira za akazi sizifuna mboni.

Anadya mpunga uja atakhala pamakatoni. Apachibale awiriwo sanasiyane manja, ngakhale potafuna. Pochoka, Tata anawapatsa thumba la nkhanu zamoyo zimene mnansi wake anagwira, n'kupepesa kuti zinunkhitsa galimoto.

"Ikani kumbuyoko, mlamu. Muwonjezere zina ngati zilipo."

"Nanga kokakwera ndege mudzapita bwanji?" anafunsa Doña Monse. "Wokuperekezani ku San Juan alipo?"

Tata anati akufunafuna wa matola.

"Matola a chiyani?" anatero Don Nico. "Tidzakutengani ife. Lachinayi tibweranso, kudzathandiza makatoniwa."

Pobwerera, atafika pamene msewu umagawikana, Don Nico anakhotera kudzanja lamanja, kumpoto, m'malo mobwerera njira imene anadzera.

"Nico, mwasochera. Kwathu ndi uku."

"Ndikudziwa. Tizungulira chilumba."

"Tikafika mdima."

"Nyali zilipo, nazonso ndinalipira." Anayang'ana manambala, kenako msewu. "Ndikufuna ndione kuti kumpoto kunasintha bwanji. Akuti anamanga mlatho wautali. Iwe unauonapo?"

"Ndikanauona ndili pansi pa lona?"

Kumbuyo nkhanu zinkakanda thumba. Don Nico anatsitsa galasi, anatulutsa chigongono panja, n'kuponda mafuta.